Tinaika Thunthu la Nthochi

Adzukulu anga akandiona ndikudutsa pamanda a kwa apongozi osatembenuka, amanong'onezana kuti gogo uyu mtima wake ndi wouma. Anene, pakamwa ndi pawo. Iwo chaka ndi chaka amanyamula makasu kukalambula manda a agogo awo aamuna. Amazula udzu, amasesa, ena mpaka kugwetsa misozi, ine ndikungowayang'ana. M'manda amenewo mulibe munthu. Muli thunthu la nthochi, malaya amodzi akhaki ndi mpini wa khasu wosatha kusema, ndipo amene anachititsa zimenezi ndine.

Kulemba ndinaphunzira ndili mtsikana pasukulu ya mishoni, ndipo sindinalembepo kanthu kopitirira kalata. Koma onse amene ankadziwa nkhaniyi anatha kupita, ndatsala ndekha. Ndikafa osanena, bodza langa lidzasanduka zoona.

Kwathu ndi kumtunda, kufupi ndi Mlangeni, kumene msewu waukulu ndiwo malire. Mbali ino kunali kwa Angelezi, ukangodumpha msewu uli kwa Apwitikizi, koma anthu ake ndife omwewo, achibale okhaokha. Timalima chimanga ndi kachewere, ndipo kuzizira kwake kumang'amba zidendene.

Ndinakwatiwa ukwati wa m'tchalitchi. Mwamuna wanga anali wa mudzi woyandikana nafe, kungowoloka dambo. Anabwera kudzakhala kwathu ngati mkamwini, namanga nyumba yozungulira kuseri kwa khola la achimwene anga. Anali munthu wamanyazi, wa mawu owerengeka, wokonda kukhala pansi pa mtengo kusema mipini. Ine pakamwa panga sipatsekeka kuyambira ndili mwana. Anthu ankatiseka kuti Mulungu anadziwa kugawa, mawu a anthu awiri anapatsa mmodzi.

Nyumba imene anamangayo ndiyo inatidya. Boma la masiku amenewo linkawerenga zitseko. Chitseko chilichonse chikhome msonkho, ndipo msonkho wake wa ndalama, osati chimanga kapena nkhuku ayi. Tsono ndalama pamudzi ikachokera kuti? Nkhokwe zathu zinali zodzaza, koma mesenjala sankabwera kudzadya. Amuna anayamba kuchoka mmodzimmodzi kupita ku Halale kukagwira ntchito m'mafamu a azungu. Wanga anachoka mwana wathu wamkazi akuyamba kukwawa. Ndinamukazingira chimanga cha kamba, ananyamula kamphasa ndi ndodo, nati zaka ziwiri basi.

Chaka choyamba kunabwera kalata, ndalama ya msonkho ndi bulangete. Chachiwiri kunabwera kalata yokha, yaifupi. Kenako zii.

Munthu wopita kunja osabwerako, osatumiza ngakhale moni, timati watchona. Ndipo apa ndi pamene ndinadziwa kuti mkazi wa mtchona ndi chinthu chanji pamaso pa boma. M'buku la kalaliki ndinali mkazi wa munthu, choncho nyumba yanga inali nyumba ya mwamuna, yoyenera kukhoma. Koma tandiuzani, ndalamayo ndikanaitola kuti? Ntchito ya msewu ankalemba amuna. Kusenza katundu wa azungu, amuna. Ogula mbewu akabwera ankafunsa mwini nyumba, ukati ndine, akuyang'ane ngati wanena za misala. Ndinayesa kusenza kachewere kukakhala naye m'mbali mwa msewu, koma kuno aliyense amalima kachewere, akugule ndani? Njira imodzi imene mkazi akanapezera kandalama inali kufulula mowa, ndipo akulu a mpingo anali atanenetsa kuti wofulula mowa achoke pa mgonero. Boma likukoka uku, mpingo watseka uko, amuna okhaokha mbali zonse ziwiri. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwira.

Achimwene anga aakulu, amene anali mwini mbumba, anandikhomera kawiri pogulitsa mbuzi. Kachitatu alamu anga anayamba kumenyetsa mapoto ndikamadutsa. Achimwene anandiuza mwaulemu, maso ali pansi, kuti nawonso ali ndi chitseko chawo. Sindinawade. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Anandigwira nthawi yopalira. Mamesenjala awiri a zisoti zofiira anandipeza m'munda, khasu lili m'manja. Sanandimenye, ndisawanamizire. Anangoti lamulo ndi lakuti mwamuna akathawa msonkho agwire mkazi, mwamunayo akamva kuti mkazi wake ali ku boma adzatumiza ndalama. Ndinaseka, abale, ndinaseka mpaka mmodzi anachita manyazi. Akamve bwanji munthu amene ngakhale amake sakudziwa kumene ali? Mwana ndinamusiyira mng'ono wanga, ndipo mamesenjala aja anatindondozetsa gulu la akazi kutsetsereka mpaka ku boma ku Ntcheu, ena ana kumbuyo.

Kumeneko tinakhala milungu itatu. Tinkatunga madzi, kusesa mabwalo ndi kupalira maluwa a mzungu. Maluwa! Zinthu zosadya n'komwe, ine ndikuzipalira bwinobwino, chimanga changa chikufa ndi udzu kumudzi. Palibe mwamuna wa aliyense wa ife amene anatumiza kanthu. Anatimasula atatopa kutidyetsa. Nditafika kwathu ndinapeza munda uli thengo, mwana ali ndi zilonda m'mutu, ndipo atandiona anabisala kumbuyo kwa mng'ono wanga. Chaka chimenecho tinapulumukira maungu ndi gaga.

Koma ku boma kuja ndinaona chinthu chimodzi chimene sichinandichoke m'mutu. Pakati pathu panali mayi wina wa ku Bwanje. Tsiku lina kunafika abale a mwamuna wake kudzanena kuti munthuyo anamwalira kunja. Kalaliki analemba m'buku, namupatsa kapepala, nati wamasiye sakhoma msonkho, azipita. Mayi uja anatuluka akulira, ife otsala tikumuchitira nsanje. Inde, nsanje. Pobwerera kwathu njira yonse ndinkangoganiza kuti mwamuna wakufa amateteza mkazi wake kuposa wamoyo.

Chaka chotsatira, titakolola, panadutsa bambo wina wa mbali ya ku Kandeu akuchokera ku Halale, napempha madzi pakhomo panga. Ndinamufunsa za mwamuna wanga monga ndinkafunsira aliyense wochokera kumeneko. Anati samudziwa. Kenako, popukuta pakamwa, anawonjezera kuti anamva zoti pafamu ina munthu wa kwathu kuno anaphwanyidwa ndi ngolo, koma dzina sanalimve. Anathokoza madzi nalowa m'njira. Panalibe wina amene anamva zimenezi. Ndinakhala pakhonde, chikho chili m'manja, mpaka mthunzi unafika pankhokwe. Pamene ndinkaimirira, munthu wakufa uja ndinali nditamupatsa dzina.

Ndinapita kukawauza achimwene. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Watchula dzina?"

"Watchula."

Sanafunsenso. Ankadziwa, ndipo ine ndinkadziwa kuti akudziwa. Ndinaona mapewa awo akutsika ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Cholakwa changa chinali apa. Ine ndinkayesa kuti imeneyi ndi nkhani ya pepala, ndikanena kwa kalaliki, alembe, zithere m'buku momwemo. Ndinaiwala kuti kwathu imfa siyenda yokha. Kalaliki sakanalemba popanda mboni zochokera kumudzi kwa mwamuna, ndipo akumudzi kwa mwamuna sangachitire umboni imfa imene sanalire. Uthenga wa maliro unayenera kuwoloka dambo. M'mawa mwake achimwene anavala jekete nawoloka, ine nditaima pakhomo. Patapita kanthawi ndinamva kulira kwa apongozi anga kukukwera kuchokera kutsidya.

Apongozi anga anali kamayi kakang'ono, kowuma thupi, ndipo mwana wamwamuna anali yekhayo. Sanandiyankhulepo mawu olasa, ngakhale ine ndi pakamwa pangapa. Ankandibweretsera mchere m'kachitsamba, nthawi zina nyemba, namanditchula mwana wanga. Galimoto ikamveka kumsewu, ngakhale akusinja, ankasiya munsi n'kuimirira, dzanja pamphumi, mpaka fumbi lithe. Anachita zimenezi zaka zonse zija. Ine m'maganizo anga onse a pakhonde paja, mayi ameneyu sindinamuwerengere.

Mwambo wathu ndi wakuti munthu akafera kutali, thupi osaoneka, amaika thunthu la nthochi m'malo mwake, atalikulunga m'mphasa pamodzi ndi chovala chake, kuti mzimu upeze pofikira. Anandipempha chovala, ndinapereka malaya akhaki amene anasiya, ndi mpini umene anali asanamalize. Okumba manda, poona kuti ndi nthochi chabe, sanakumbe mozama, ndiponso mwaulesi wawo anaizula ndi tsinde lomwe. Mphunzitsi wa mpingo anawerenga mawu, tinaimba nyimbo, anakhomapo kamtanda ka thabwa atawotchapo dzina ndi chitsulo chamoto. Ndinalira tsiku limenelo, ndipo misozi inali yeniyeni. Chimene ndinkalira sindichidziwa mpaka lero.

Tsiku lometa, apongozi anakana kuti wina andimete. Anati mwana wanga ndimumeta ndekha. Anagoneka mutu wanga pamiyendo pawo, lumo lozizira likuyenda pang'onopang'ono, misozi yawo ikudontha pakhutu panga. Ankandipepesa. Ankati pepani mwana wanga, mwana wanga wakusiyani pamavuto. Pamenepo ndikanayankhula. Koma ndinawasiya amalize kumeta.

Patapita masiku ndinatsikira ku boma ndi mpala wanga, pamodzi ndi achimwene ndi akulu awiri a kutsidya. Kalaliki sanandiyang'ane n'komwe. Anamva mbonizo, anakoka cholembera kamodzi, nandiponyera kapepala. Zonse zija, maliro, nyimbo, misozi ya mayi wokalamba, kwa iye zinali kamzere kamodzi.

Ndinene zoona, chifukwa ndatopa ndi bodza: zitatha izi ndinapeza mtendere. Mamesenjala ankadutsa pakhomo panga osaima. Munda ndinkapalira pa nthawi yake, nkhokwe inadzaza, mwana ananenepa. Amuna angapo anabwera kudzandifunsira, abale a mwamuna wanga anatchulanso za chokolo, kuti wina wa iwo andilowe, koma ndinakana onse. Anthu ankanditama kuti mkazi wokhulupirika, amakumbukira malemu. Kutchalitchi ankandikhazika kutsogolo. Pa mgonero mkate ndinkameza ndi bodza langa lomwe.

Walira mvula walira matope. Mvula yoyamba itagwa, nthochi ija inaphuka pamanda. Kanatuluka katsamba kamodzi kobiriwira pambali pa kamtanda, kenako kachiwiri. Anthu anayamba kulambalala njira ya kumanda. Ena ankati mzimu wakana kugona, ena ankati ndi ulesi wa okumba basi.

Tsiku lina ndili kudimba, apongozi anafika nakhala pamzere pafupi nane. Anayamba ndi za mbewu, za chifuwa cha mwana, kenako anatola kadothi n'kumakafikisa m'manja.

"Mwana wanga, nthochi ija yaphuka. Ine ndikamulota, ndimamulota akuyenda, sindinamulotepo atagona. Tandiuzani bwino, munthu wa ku Kandeu uja anatchula dzina lenileni?"

Panalibe mesenjala pamenepo, panalibe kalaliki. Tinali awiriwiri, madzi akuyenda mumngalande. Ndinaganiza za maluwa a mzungu aja, ndi mwana wanga akubisala kumbuyo kwa mng'ono wanga.

"Anatchula, amayi."

Anagwedeza mutu. "Chabwino. Ndiye ndileke kuyang'ana kumsewu."

Analekadi. Galimoto inkadutsa iwo osadzutsa mutu. Analeka kubwera ndi mchere, kenako analeka kusinja, chakudya ankangochigwiragwira. Sanadwale matenda oti n'kuwatchula. Anamwalira chimanga chisanaume, ndipo anawaika pambali pa nthochi ija monga anapemphera okha. Anthu amati ndi ukalamba. Ine ndimadziwa kuti ndinawachotsera chinthu chimene chinkawadzutsa m'mawa.

Panapita chaka china. Linali tsiku la chilimwe, dzuwa lili paliwombo, ine ndikuyanika ufa pamphasa. Ndinamva mtsuko ukusweka kunjira ya kuchitsime, kenako akazi akukuwa, ana balalabalala kulowa m'nyumba, zitseko zikutsekedwa. Nditadzutsa mutu ndinaona munthu ataima m'mphepete mwa bwalo, wowonda ngati bango, atavala chijasi chachikulu pa dzuwa lonse lija, bokosi lili pamutu. Kwathu mlendo satsitsa yekha katundu, wina amathamanga kukamulandira. Munthu uyu anaima, naima, palibe wobwera. Anatsitsa yekha bokosi, anatsokomola, nayenda mpaka pakhomo pa nyumba imene anamanga ndi manja ake.

"Odi."

Mudzi wonse unathawa mzukwa, ine ndekha sindinathawe. Ndikanathawa bwanji, ndikudziwa kuti si mzukwa? Ndinangoima, ufa uli mbuu m'manja. Ndipo anthu amene ankasuzumira m'ming'alu ya zitseko anaona kuti sindinathawe. Kuyambira tsiku limenelo panalibe wofunika kumufotokozera.

Ndinamuyalira mphasa panja, ndinamupatsa madzi. Anafotokoza pang'onopang'ono, akupuma pakati pa mawu. Anati pafamu malipiro ankathera m'sitolo ya mwini famu, ndiye anathawa napitirira mpaka ku Joni kumigodi, poganiza kuti kumeneko apeza zambiri. Kumeneko fumbi linamulowa m'chifuwa, anagona m'chipatala, ndipo atalephera ntchito anamubweza. Nditamufunsa chifukwa chimene sanalembe, anati kalata yopanda kanthu m'kati ankachita nayo manyazi.

Manyazi! Apo ndiye ndinaphulika. Ndinamutukwana, Mulungu andikhululukire, munthu wodwala atakhala pamphasa. Ndinamuuza kuti manyazi akewo ine sindinadye, mwana wake sanafunde, kuti kapepala ka mawu atatu, ndili moyo ndithu, kakanakwana. Ndinakuwa mpaka mawu anandithera. Iye anangoweramitsa mutu monga ankachitira kale. Nditatopa anafunsa chinthu chimodzi, kuti amayi ali bwanji.

Ndinamutengera ndekha kumanda. Tinawoloka dambo ine patsogolo, iye pambuyo akutsokomola, m'njira monse mopanda munthu. Ndinamuonetsa mtumbira wa amake. Anagwada nthawi yaitali. Podzuka maso ake anagwera pa kamtanda ka pambali, pansi pa nthochi imene tsopano inali yaitali kupitirira munthu. Kuwerenga ankadziwa. Anawerenga dzina lake, anagwira tsamba la nthochi n'kulisiya.

"Uthenga unabwera ndi ndani?"

"Palibe anabwera nawo. Dzina lanu ndinatchula ndine."

Ndinayembekezera kuti andimenya, ndipo ndikanakondwa. Anangondiyang'ana.

"Anakugwirani?"

"Anandigwira. Milungu itatu, nthawi yopalira."

"Amayi anadziwa?"

"Anandifunsa. Ndinawanamiza."

Tinabwerera njira yomwe tinadzera, koma ulendo uno iye patsogolo.

Madzulo dzuwa lisanalowe, akulu a midzi yonse iwiri anakhala pansi kuseri kwa khola la achimwene. Kalaliki ankayembekezeka mwezi wotsatira kudzawerenga zitseko. Munthu uyu akaoneka wamoyo, msonkho wa zaka zonse zija unkamudikira, iye wosatha ngakhale kunyamula khasu. Ine ndikanapita kundende chifukwa chonamiza boma, pamodzi ndi achimwene ndi akulu awiri amene anachitira umboni. Mlandu suola. Aliyense ankalankhula mozungulira, wina za mankhwala osambitsa munthu amene analiridwa kale, wina za kufukula nthochi, koma palibe amene ankafuna kutchula chimene onse ankaganiza. Anatchula ndi iye mwini, munthu wa mawu owerengeka uja.

"Musavutike. Wakufa sakhoma msonkho. Ine ndikhala wakufa."

Sanagone m'nyumba yake ngakhale tsiku limodzi. Anadumpha msewu kupita kwa amalume ake, mbali ya Apwitikizi, ndipo anamupatsa kakhumbi ka kumunda kolindiriramo anyani. Midzi iwiri yathunthu inagwirizana kuti sikunabwere munthu. Akazi amene anaswa mtsuko anati anapunthwa. Mphunzitsi wa mpingo, amene anawerenga mawu pamanda paja, anayamba kuyang'ana kumbali tikakumana. Mwana wanga tinamuuza kuti ndi mlendo wodwala, mbale wa malemu agogo ake, chifukwa mwana sasunga chinsinsi.

Bokosi analisiya kwa ine. Munali nsalu yanga, shawelo ya amake, ndi tinsapato ta mwana tating'ono, tokwana m'chikhatho changa. Anatigula chaka choyamba chija, nayenda nato mpaka ku Joni. Mwanayo tsopano ankasenza yekha mtsuko.

Miyezi isanu ndinkadumpha msewu tsiku lililonse ndi kambale kovundikira. Kakhumbi kake kankaoneka ndikaima pakhomo panga, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayamba kuyang'ana ngati kakufuka utsi. Tsiku limene kalaliki anabwera, anaima pakhomo panga, buku m'manja, nafunsa osadzutsa mutu ngati ndikadali wamasiye. Ndinati eya, bwana. Kuseri kwa phewa lake utsi uja unkakwera bwinobwino.

Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti sanandidzudzule ngakhale kamodzi. Akanandilalatira ndikanamuyankha, tikanakangana, zikanatuluka. Koma ayi. Ndikafika ankathokoza chakudya ngati ndine mlendo wachifundo, nafunsa za munda. Manja akamulola ankasema timipini. Kamodzi kokha anapempha kanthu, kuti ndibwere ndi mwana. Ndinabwera naye. Mwana anagwada patali monga ndinamuphunzitsira, nati muli bwanji alendo. Iye anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nayankha kuti ali bwino, namuuza kuti azimvera amake. Tikubwerera mwana anandifunsa chifukwa chimene alendo aja amalirira pamene sanamenyedwe.

Anamwalira mvula ili pakati, nthawi yopalira yomweyo. M'mawa umenewo ndinatuluka, ndinayang'ana kutsidya kwa msewu, utsi kunalibe. Ndinadziwa uthenga usanafike.

Anamuika tsiku lomwelo m'mphepete mwa munda wa amalume ake, mofulumira, popanda nyimbo, popanda mtanda, chifukwa nakonso kwa Apwitikizi sanali m'buku la aliyense. Ine anandikhazika kumbuyo pamodzi ndi akazi odzakhuza, nandichenjeza kuti ndisakweze mawu, kulira kumadumpha msewu. Ndinaluma nsalu. Mwamuna wanga ankatsitsidwa m'dzenje atakulungidwa m'mphasa yakale, ine ndikusuzumira pakati pa mapewa a anthu.

Tsiku lometa litakwana, ndinatenga lumo n'kupita kwa mng'ono wanga. Anayang'ana lumo, anayang'ana ine, nathamangira kukaitana achimwene. Achimwene anafika nandilanda lumolo mofatsa.

"Mlongo wanga, mukameta, mesenjala akadzafunsa kuti mwafedwa ndani, mudzati chiyani? Mwamuna safa kawiri."

Ndinamanga duku, ndinatenga khasu, ndinapita kukapalira.

Zaka zapita zambiri. Azungu aja anapita, msonkho wa zitseko unatha, mwana wanga anakula, anabereka, ndipo anamwalira asakudziwa kuti mlendo uja anali ndani. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze, koma ndikanayambira pati? Nthochi ya pamanda inaberekana, pano ndi chitsamba chachikulu, ndipo palibe amene amadya zipatso zake. Kutsidya kwa msewu kuja munda unasinthana manja, pamene anagona mwamuna wanga pano amalimapo kachewere. Ndimapadziwa ndi mwala wina wosongoka umene alimi amaulambalala. Miyendo ikandilola ndimadumpha msewu n'kukaima pamenepo, ndipo eni munda amayesa ndikufuna ndiwo.

Adzukulu anga, inu amene mudzawerenge izi, agogo anu ali pamwala paja, osati pansi pa nthochi. Mukafuna kulambula, kalambuleni kumeneko, mupemphe kaye kwa eni munda. Za ine, mwakhala mukundiseka kuti sindilola lumo kapena sizasi kufika pamutu panga, ngakhale tsitsi litapotana chotani. Tsitsi limeneli ndi la maliro aja. Lachita imvi, lathothoka pena, koma ndi lomwe lija limene achimwene anandiletsa kumeta. Ndikadzafa, musanandikulunge, mmodzi wa inu atenge lumo andimete.